Kalulu ndi Abale Ake M'mabuku a Eni

Pa msonkhano wina wa gulu lathu la alembi, teremu yatha tisanatsekere, ndidawerenga kankhani kanga komwe mudali Kalulu. Nditamaliza, mnzathu wina wa chaka chachinayi adafunsa ngati pa msinkhu uno tikadasewerabe ndi Kalulu wa ku pulayimale. Iye adati tikafuna tambwali woti n'kumangirapo nkhani yakupsa tiwerenge za Hermes, za Loki ndi za Eshu, pakuti amenewo ndi milungu, pamene Kalulu ndi tsobola wakale. Anthu adaseka, inenso ndidaseka nawo, koma mumtima mudandiwawa. Aphunzitsi amene ankatsogolera zokambirana adangoti, "Musakangane ndi pakamwa pokha. Pitani mukawerenge, mudzatiuze." Tsono nkhani ino ndiyo yankho langa. Ndifotokoza mabuku amene ndidawapeza, kuti wina wofuna kuyenda njira yomweyi asavutike monga ndidavutikira ine, kenaka ndinena pamene ndikusiyana nawo mabukuwo ndi pamene ndikusiyana ndi mnzathu uja.

Tiyambe ndi liu lenilenilo. Azungu ali ndi liu limodzi lakuti trickster, ndipo m'thumba limeneli amaponyamo milungu, nyama ndi anthu a maiko osiyanasiyana. Ife tili ndi mau angapo: tambwali, kathyali, kamberembere, wochenjera. Lililonse lili ndi fungo lake. Munthu ukamutcha wochenjera amamwetulira, ukamutcha kathyali mlandu umafika kwa amfumu. M'nkhani ino ndigwiritsa ntchito liu lakuti tambwali, ngakhale ndikudziwa kuti Kalulu mwini wake atalimva angakane kwa mtuwagalu.

Tchuthi ndidakathera kwathu ku Karonga, kumpoto kwa boma, kufupi ndi minda ya mpunga ya ku Lufilya. Aphunzitsi aja adandibwereka mabuku awiri, ndipo ndidawakulunga m'pepala la pulasitiki ngati mchere. Mwana wa kumpoto amadziwa kuti buku si chinthu chotola panjira. Mu Disembala 2015 moto udanyeketsa nyumba ya mabuku ya Mzuzu University pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000, ndipo imeneyo idali nkhokwe yaikulu ya chigawo chonse. Mabuku ena onse ndidawasaka pa intaneti ndi foni, usiku anthu atagona.

Apa m'pamene ndidaona chodabwitsa choyamba. Mabuku osavuta kuwapeza ndi akalekale, olembedwa ndi amishoni ndi ogwira ntchito za atsamunda, chifukwa tsopano aliyense angathe kuwawerenga kwaulere. Swahili Tales la Edward Steere la 1870, Africana la Duff Macdonald wa ku mishoni ya Blantyre la 1882, Some Folk-Lore Stories and Songs in Chinyanja la R. S. Rattray la 1907, ndi Myths and Legends of the Bantu la Alice Werner la 1933, onsewa adalowa m'foni mwanga usiku umodzi. Nalonso buku la Ruth Finnegan, Oral Literature in Africa, la 1970, adalitulutsanso kwaulere mu 2012. Koma mabuku osindikizidwa konkuno, monga Tales of Old Malawi la Singano ndi Roscoe, Land of Fire la Schoffeleers ndi Roscoe la 1985, ndi Malawian Oral Literature la malemu Steve Chimombo la 1988, ndidawagwira nditabwerera ku Zomba, ena mochita kupempha kwa eni. Ndipo m'mabuku onse amene adafika m'manja mwanga mudalibe ngakhale limodzi losimba Kalulu m'Chinkhonde, chiyankhulo chimene ine ndidamumveramo koyamba. Izi zili ndi mbiri yake. Kuyambira 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ziyankhulo zina zidatsekeredwa kunja kwa sukulu ndi wailesi, ndipo Chitumbuka chidabwerera pa wailesi mu 1994. Chiyankhulo chosalowa m'kalasi wosindikiza mabuku sachiyang'ana.

Wofuna kudziwa abale a Kalulu a kutali ayambe ndi buku la Paul Radin, The Trickster, la 1956. Muli nthano za Wakdjunkaga wa anthu a mtundu wa Winnebago ku North America, tambwali wopusa modabwitsa, amene posenda njati dzanja lake lamanja lidayambana ndi lamanzere mpaka kulichekacheka ndi mpeni. Lachiwiri ndi The Zande Trickster la E. E. Evans-Pritchard, la 1967, lonena za Ture wa Azande, amene dzina lake litanthauza kangaude koma zochita zake ndi za munthu wadyera ndi wabodza. Robert Pelton mu 1980 adalemba The Trickster in West Africa, m'mene akufotokoza za Ananse wa Aashanti, Legba wa Afon, Eshu wa Ayoruba ndi Ogo-Yurugu wa Adogon. Lewis Hyde mu 1998 adasonkhanitsa ambiri a iwowa m'buku lake Trickster Makes This World, ndipo pa onse limeneli ndilo lokoma kuwerenga.

Kupyolera m'mabuku amenewa ndi ena ndidakumana ndi khamu lalikulu. Hermes wa Agiriki adaba ng'ombe 50 za mkulu wake Apollo tsiku lomwe adabadwa, naziyendetsa chafutambuyo kuti mapazi asokoneze wolondola. Kwathu ku Ungonde, kumene ng'ombe ndiyo chuma ndi malowolo, nthano imeneyi ingamveke msanga, ndipo akuluakulu angafunse kaye kuti khola lidali la yani. Loki wa ku Iceland, monga adamulembera Snorri Sturluson cha m'ma 1220, adaphetsa mulungu Baldr, ndipo anzake adamumanga pansi pa njoka yodontha ululu. Maui wa ku zilumba za Pacific adawedza chilumba chathunthu ndi mbedza, nakola dzuwa ndi zingwe kuti lisamathamange. Sun Wukong, nyani wa ku China amene Arthur Waley adamumasulira m'Chingerezi mu 1942 m'buku lotchedwa Monkey, adadya zipatso za kumwamba mpaka Buddha adamupsinja ndi phiri zaka 500. Ku Malaysia ndi ku Indonesia kuli Kancil, kanyama konga gwape, kamene kadauza ng'ona kuti zindandalike kuti kaziwerenge, nkuwoloka mtsinje pa misana yawo. Pafupi ndi ife, kutsidya kwa Songwe, Aswahili ali ndi Sungura komanso Abunuwasi, uja adabwereka mphika naubweza ndi kamphika kakang'ono kuti wabereka, ndipo atabwerekanso adadzanena kuti mphikawo wamwalira. Pa msika wa pa Karonga pomwe Chiswahili chimamveka tsiku ndi tsiku, Abunuwasi si mlendo.

Tsono ndivomere pamene mnzathu uja adalasa. Kalulu si mulungu. Sadawedzepo chilumba, sadakolepo dzuwa, sanyamula mauthenga pakati pa anthu ndi kumwamba monga achitira Eshu ndi Legba. Ndivomerenso kuti Kalulu wa m'mabuku a ana ndi wofooka. Geraldine Elliot, amene adalemba The Long Grass Whispers mu 1939 kuchokera ku nthano za Angoni, adamusambitsa ndi kumupesa kuti ana a ku England amukonde, ndipo mabuku athu a sukulu nawo amamumata phunziro kumchira ngati kalata ya msonkho. Ngati Kalulu amene mnzathu akumudziwa ndi ameneyo, ali ndi chifukwa chomuderera.

Koma vuto langa ndi mabuku akuluakulu aja lagona pa muyeso wawo. Kumapeto kwa buku la Radin kuli nkhani ya C. G. Jung, amene akuona tambwali ngati chithunzi cha maganizo a munthu wakalekale, asanasiyane kwenikweni ndi nyama. Hyde akuona tambwali ngati wodumpha malire, amene pophwanya malamulo amatsegula njira zatsopano za dziko. Muyeso uliwonse mwa iwiriyi umakwana bwino pa amene adausokera: wa Jung pa Wakdjunkaga wodzicheka yekha, wa Hyde pa Hermes ndi Eshu. Ukauveka Kalulu umakhwepa. Kalulu si chitsiru chosadziwa dzanja lake, ndiponso salenga kanthu. Choncho wowerenga wongodalira mabukuwa amaganiza kuti Kalulu ndi tambwali wosakhwima, m'bale wosauka wa milungu. Ine ndikuti Kalulu akuyankha funso lina, ndipo umboni wanga ndi ulimbo.

Rattray uja, asanapite ku Gold Coast, adagwira ntchito ku African Lakes Corporation, kampani yomwe ija idali ndi sitolo pa Karonga. Munthu mmodzi yemweyo adalemba nthano za Chinyanja mu 1907 ndi za Aashanti mu 1930, m'buku lotchedwa Akan-Ashanti Folk-Tales. M'buku lachiwirili Ananse akufuna kugula nthano zonse kwa Nyame, mwini thambo, ndipo mtengo wake ndi nsato, kambuku, mavu ndi kamzimu ka m'nkhalango kotchedwa Mmoatia. Kamzimuko akukagwira ndi chidole chopaka utomoni: kakuchithokoza, chidole chili duu, kakuchimenya mbama, dzanja n'kukanirira. Ku America, m'buku la Joel Chandler Harris la 1880, Uncle Remus, lochokera ku nthano za akapolo akuda a ku Georgia, chidole ndi cha phula ndipo wokodwa ndi Brer Rabbit, amene akupulumuka pochonderera mdani wake kuti amuchite chilichonse koma asamuponye pa minga, pamene pa mingapo m'pakwawo. Akatswiri osanja nthano m'magulu adapatsa nkhani ya chidole chomatayi nambala 175. Nambalayo imatiuza kuti nthanozi ndi zapachibale, koma siitiuza chimene aliyense akuzengera mlandu. Kwa Aashanti ulimbo uli m'manja mwa tambwali, ndipo nkhani ndi yakuti nthano zidafika bwanji kwa anthu. Ku Georgia ulimbo uli m'manja mwa wamphamvu, ndipo nkhani ndi yakuti wogwidwa angatuluke bwanji ali moyo. Nanga kwathu?

Kwathu ulimbo uli m'manja mwa mudzi. Kudagwa chilala, nyama zonse zidapangana kukumba chitsime, Kalulu adakana nati iye amamwa mame. Madzi atatuluka adaika mlonda. Kalulu adabwera ndi zikho ziwiri, china chopanda kanthu, china cha uchi, nalawitsa Fisi pang'ono, namuuza kuti wofuna kudya zambiri ayenera kumangidwa kaye. Fisi atamangidwa, Kalulu adatunga, nasamba m'chitsimemo, nachivundula. Mawa lake adachita chimodzimodzi ndi Mkango. Potsiriza Kamba, amene onse ankamuseka, adadzipaka ulimbo pamsana nabisala m'madzi ngati mwala, ndipo Kalulu atapondapo adakanirira mwendo ndi mwendo. M'nthano imeneyi mulibe mulungu, mulibenso mbuye wa akapolo. Muli ntchito ya gulu, madzi ochepa, ndi munthu mmodzi wofuna kumwa pamene sadakumbe. Ili ndi funso limene mudzi uliwonse umakumana nalo chaka ndi chaka, ndipo si laling'ono kuposa la kukola dzuwa.

Chimene mabuku sakadandiuza ndidachimva pakhonde. Usiku wina ndidapempha agogo anga akazi kuti asimbe nthanoyi, ndipo bambo anga aang'ono, amene amalima mpunga pa sikimu ndipo ali m'komiti yoona za ngalande, adali pomwepo. Agogo adasimba m'Chinkhonde, ndi nyimbo zake, adzukulu tikuvomera. Pofika pa bwalo la mlandu, Kalulu wawo adapempha kuti amuphe pomugwira mchira ndi kumuzunguza, ndipo khungu la mchira lidapululuka, iye n'kugwera kutchire ali wamoyo, mchira utafupika. Bambo aang'ono adapukusa mutu. Adati iwo akamasimbira ana awo amalekera pamene Kalulu wagwidwa ndi kukwapulidwa, chifukwa akalulu oterowo amawadziwa maina: tsiku lolambula ngalande amadwala, koma usiku amakatsegula madzi kuti alowe m'munda mwawo. Agogo adawayang'ana nati, "Mwana wanga, pa chitsime chija Njovu idamwa zikho zingati, ndipo Kamba amene adagwira wakuba adamwa zingati? Ukamupha Kalulu, adzamange Mkango ndani?" Bambo aang'ono adati, "Amayi, mukuwononga ana." Agogo adaseka, ndipo nkhani idathera pomwepo osagwirizana.

Mkangano umenewu ndiwo nthanoyo. Bambo aang'ono sadalakwe, pakuti wovundula chitsime amalanga osauka anzake, ndipo amene afuna kusandutsa Kalulu kukhala womenyera ufulu akumbukire nthano ija ya nthawi ya njala, m'mene adanyenga Fisi kuti aphe amake pamene iye ake adawabisa. Agogonso sadalakwe, pakuti malamulo a pa chitsime amapangidwa ndi a matupi akuluakulu, ndipo wamng'ono ali ndi mutu wake wokha. Nthano imasunga mbali zonse ziwiri, ndipo woweruza ndi anthu amene akhala pamphasa. Wosimba akati "Padangokhala," ife timati "Tili tonse," ndipo mau amenewo si mwambo chabe: ndi kulonjeza kuti tikhala nawo pa bwalo mpaka mlandu uthe. Buku limatenga nthano imodzi, ya wosimba mmodzi, ya usiku umodzi, n'kuiumitsa ngati usipa pa thandala. Usipa wouma ndi ndiwo ndithu, ndipo umafika kutali kumene wauwisi sungafike, koma suphunzitsa munthu m'mene nsomba imasambirira.

Finnegan adachenjeza za ichi kalekale, kuti nthano yolembedwa yataya mau a wosimba, nkhope yake, nyimbo ndi omvera. Evans-Pritchard ndimamulemekeza chifukwa nthano zambiri za m'buku lake adazilemba ndi Azande eni ake, ndipo iye sadayese kumukweza Ture kukhala mulungu. Adamuona ngati galasi loonetsa zimene anthu amalakalaka kuchita koma mwambo umawaletsa. Rattray naye adasunga Chinyanja ndi Chitwi pambali pa Chingerezi, kotero kuti tingathe kumutsutsa ndi umboni wa m'buku lake lomwe. A Chimombo adapita patsogolo pofuna muyeso wochokera m'mau a Chichewa, umene adautcha ulimbaso. Kaya munthu agwirizana nawo kaya ai, iwo adaona kuti nsalu yathu siyenera kuyezedwa ndi mkono wa mlendo nthawi zonse. Kumbali ina kuli Harris, amene adaika nthano za akapolo m'kamwa mwa nkhalamba yopeka yosangalatsa kamwana ka mzungu, ngati kuti nthanozo zidabadwira kuseketsa ana a bwana. Pamenepo omvera enieni adachotsedwa, ndipo wowerenga ayenera kuwabwezeramo yekha.

Kwa mnzathu wa chaka chachinayi ndionjezere ichi. Akuluakulu amene adayambitsa gulu la alembi pa Chancellor College mu 1970 adawerenga za Agiriki kuposa ife, komabe m'zaka zomwezo kabuku kosonkhanitsa zofufuza za nthano ndi nyimbo zathu adakatcha Kalulu, ndipo buku la ndakatulo la Jack Mapanje la 1981 lidatenga dzina kwa bilimankhwe, Of Chameleons and Gods. M'masiku amene mau olunjika ankapititsa munthu ku Mikuyu, kumene a Mapanje adakhalako kuyambira 1987 mpaka 1991, alembi adadziwa ntchito ya tinyama ting'onoting'ono. Masiku amenewo adapita, koma zitsime zokumba ambiri n'kumamwa ochepa zikadalipo, ndipo aliyense wa ife angatchule chake.

Sindikuti tileke kuwerenga za Hermes ndi Loki. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ine sindikadaona chimene chili chathuchathu m'nthano ya chitsime ndikadapanda kuiika pambali pa ya Ananse ndi ya Brer Rabbit. Pempho langa ndi lakuti powerenga tizifunsa mafunso atatu pa buku lililonse: adasimba ndani, ankamvera ndani, ndipo adalemba ndani m'chiyankhulo chanji. Buku losayankha mafunsowa tiliwerenge mochenjera. Pempho lachiwiri ndi lakuti ife a m'gulu lino, pobwerera kumudzi, tizijambula mau a osimba ndi mafoni omwewa, tisajambule wosimba yekha koma ndi omvera, nyimbo, kuseka ndi mikangano yomwe, m'chiyankhulo chimene nthanoyo yasimbidwira. M'zaka za m'ma 2010 a National Library Service pamodzi ndi a UNESCO adayenda m'maboma kujambula nthano, ndipo ntchitoyo njotamandika, koma mutu umodzi susenza denga. Ku Karonga ndi ku Chitipa kokha kuli Chinkhonde, Chitumbuka, Chilambya, Chindali ndi ziyankhulo zina.

Ndikudziwa kuti inenso ndili ndi mlandu. Nthano ya agogo ndaisimba pano m'Chichewa, nyimbo zake ndazisiya, ndipo ndaifupikitsa kuti ikwane pa pepala. Nditawauza kuti ndikalemba za iwo ku sukulu, adandifunsa ngati anzangawo amadziwa kuvomera nyimbo. Ndidati ena amadziwa. Iwo adati, "Ukawaphunzitse kaye, nthano idzabwera pambuyo." Choncho pa msonkhano ukubwerawu ndikupempha mphindi khumi, osati zowerenga, koma zoti ndikuyimbitseni nyimbo ya pa chitsime m'Chinkhonde. Mnzathu uja ndamusungira malo a Mkango.